Kusema timabwato si kutaya nthawi

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Niassa, ana amakonda kupanga timabwato. Ku Metangula amapanga. Ku Cobué amapanga. Ana a m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, ku Tete, nawonso amapanga. Ena amasema kamtengo kofewa. Ena amadula ciwale. Ena amatola phesi la cimanga, nalipala bwinobwino mpaka lisanduke bwato.

Makolo ambiri sakondwera nazo. Amayi amati mwana wathawa nchito ya pakhomo. Abambo amati mwana abunthitsa mpeni. Nthawi zina kabwato kamene mwana wasema masiku atatu kamaponyedwa pamoto ngati nkhuni. Mwana amalira. Mawa lake sasemanso.

Kutero ndi kulakwira mwana. Mwana amene akupanga kabwato ali pa sukulu, ngakhale wakhala pansi pa mtengo wa mango. Akuphunzira kuyeza. Akuphunzira manambala. Akuphunzira kudekha. Akuphunziranso khalidwe la madzi. Makolo ayenera kumuthandiza.

Kabwato kofanana ndi bwato lalikulu

Pali timabwato ta mitundu iwiri. Kena mwana amangosema mmene wafunira. Ako ndi koseweretsa cabe. Kena kamatsanzira bwato lenileni, ciwalo ndi ciwalo. Kutalika kwake, kukula kwa mimba yake ndi nkhafi yake, zonse zimacepetsedwa mofanana. Kucepetsa mofanana kumeneku m'Cipwitikizi amati escala.

Nayi njira yake. Bwato la msodzi likhale lotalika mamita 5. Mamita 5 ndi masentimita 500. Mwana afuna kabwato kocepa kakhumi. Mkulu wake amuthandize kugawa 500 ndi 10. Yankho ndi 50. Ndiye kuti kabwato katalike masentimita 50.

Ngati mimba ya bwato ndi masentimita 60, mimba ya kabwato ikhale masentimita 6. Ngati nkhafi ndi masentimita 150, kankhafi kakhale masentimita 15. Lamulo ndi limodzi: sentimita imodzi pa kabwato iyimira masentimita 10 pa bwato.

Mwana wa kalasi yoyamba sanaphunzire kugawa. Mabanja ambiri alibenso rula. Koma njira ina ilipo. Mwana ayeze bwato la pa gombe ndi cikhatho cake. Awerenge zikhatho mokweza: cimodzi, ziwiri, zitatu. Cikhatho ciliconse aciyikire nyemba imodzi m'thumba. Kunyumba andandalike nyembazo pa mzere umodzi, zogundana. Mzere wa nyembawo ndiwo kutalika kwa kabwato. Acitenso cimodzimodzi ndi mimba ya bwato. Akatero wacita masamu enieni ndi manja ake.

Mwana akalakwitsa muyeso, kabwato kamamuuza kokha. Kakafupika kwambiri kamaoneka ngati mtondo. Kakaonda kwambiri kamaoneka ngati muvi. Mwana amaseka, nayezanso. Palibe womukwapula. Pa cifukwa ici, mwana wotere saopa manambala.

Akuluakulu nawonso amapanga

Ena amati timabwato ndi zacibwana. Koma nchito imeneyi ndi yakale, ndipo akuluakulu akhala akuilemekeza.

Ku Egypt, dziko la kumpoto kwa Africa, kunali mfumu dzina lake Tutankhamun. Inafa zaka zoposa 3000 zapitazo. Manda ake anapezeka m'caka ca 1922. M'mandamo munali timabwato 35 ta mitengo. Amisiri a mfumu ndiwo anasema. Poona timabwato timeneti, anthu a lero amadziwa maonekedwe a ngalawa zakale za pa mtsinje wa Nile.

Amisiri okhoma ngalawa ku Ulaya ndi ku America nawonso ankayamba ndi kamtengo. Asanadule matabwa aakulu, ankasema kangalawa kakang'ono. Ankakayang'ana mbali zonse. Pamene sipanakhale bwino ankapalapo. Akakhutira, ankatenga miyeso pa kangalawako, naikuza. Kulakwitsa pa kamtengo n'kosadula. Kulakwitsa pa ngalawa yaikulu kumawononga cuma ndi miyoyo.

Lero kuli anthu m'maiko ambiri amene amapanga tingalawa ta matabwa pa nthawi yawo yopuma. Ena ndi madokotala, ena ndi alimi, ena ndi agogo opuma pa nchito. Kangalawa kamodzi kamatha kuwatengera miyezi yambiri. Ku Lisboa kuli nyumba yosungiramo zakale yochedwa Museu de Marinha. M'nyumbamo muli tingalawa tambirimbiri, ndipo anthu amapita kukationa.

Ana a ku nyanja ya Niassa ali ndi zambiri zoti atsanzire. Pali bwato losema. Pali ngalawa ya matabwa yokhala ndi thanga. Palinso sitima ya Ilala, imene agogo ambiri a ku nyanja amaidziwa. Sitimayi inapangidwa ku Scotland m'caka ca 1949. Inabwera zidutswazidutswa, inatsikira pa doko la Beira, kenaka inanyamulidwa pamtunda mpaka ku nyanja. Amisiri anailumikiza, ndipo inayamba kuyenda m'caka ca 1951. Ndi yotalika pafupifupi mamita 52.

Mwana atati aicepetse kakhumi, kasitima kake kangatalike mamita oposa 5. Kangafanane ndi bwato lenileni, ndipo sikangalowe m'nyumba. Koma ataicepetsa ka 100, kasitima kangatalike masentimita 52. Ako angakanyamule m'manja. Apa mwana aona kuti cinthu cikakula kwambiri, ciyenera kucepetsedwa kwambiri.

Zimene kabwato kamaphunzitsa

Kabwato kakatha, mwana amakayika m'beseni la madzi. Apa mpamene phunziro lalikulu limayamba.

Mwala umamira. Kamtengo kouma kamayandama, cifukwa n'kopepuka kuposa madzi ofanana nako kukula. Nanga sitima ya citsulo imayandama bwanji? Imayandama cifukwa m'kati mwake ndi mphako. Imakankha madzi ambiri, ndipo madziwo amainyamula. Mwana angayese ndi kacitini kopanda kanthu. Kamayandama. Akakaphwanya ndi mwala mpaka kaphwatalale, kamamira.

Mwana aike timiyala m'kabwato, kamodzikamodzi, akuwerenga. Kabwato kamatsika pang'onopang'ono. Madzi amafika pakamwa pake. Akaonjeza kamwala kena, kabwato kamamira. Mwana awerenge kuti kanamira pa timiyala tingati.

Ayesenso kuika timiyala mbali imodzi. Kabwato kamapendekeka. Aimike mlongoti wautali kwambiri. Kabwato kamagudubuka. Aike timiyala pansi, pakati penipeni. Kabwato kamakhazikika. Apange mafunde ndi dzanja lake. Aona kuti kabwato kodzaza kwambiri kamamwa madzi msanga.

Phunziro limeneli n'lofunika kwa aliyense wokhala pafupi ndi madzi. Nyanja ya Niassa ndi yaikulu. Ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mphepo ya mwera ikaomba, mafunde amakula. Tsiku lina mwana ameneyu adzakwera bwato kupita ku msika kapena ku cipatala.

M'mwezi wa Epulo caka ca 2024, bwato la asodzi linamira pafupi ndi Ilha de Moçambique, m'cigawo ca Nampula. Linanyamula anthu pafupifupi 130. Anthu oposa 90 anamwalira, ndipo ambiri anali ana. Akuluakulu a boma ananena kuti bwatolo linadzaza kwambiri. Dziko lonse linalira.

Kabwato ka m'beseni sikangaletse ngozi zonse. Koma mwana amene waona kabwato kake kakumira ndi timiyala saiwala. Akadzakula, adzayang'ana pamene madzi afika pa bwato asanakwere. Adzadziwa cifukwa cake woyendetsa amati anthu akhale pansi, asaimirire, asathamangire mbali imodzi. M'mera mpoyamba.

Nkhawa za makolo

Makolo ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina ndi zoona.

Coyamba ndi mpeni. Mpeni umaceka. Mwana wa zaka 6 kapena 7 asagwire yekha mpeni wakuthwa kapena kasemasema. Iye ayambe ndi zofewa: phesi, ciwale, bango. Zofuna mpeni aseme ndi wamkulu, mwana akuyang'ana. Mwana ayeze, alembe mizere ndi khala, asalaze ndi mcenga kapena mwala. Akakula pang'ono, aphunzitsidwe kusema molozetsa mpeni kutali ndi thupi lake. Mwana woletsedwa amakasemera kuseri kwa nkhokwe, kumene kulibe womuona. Kumeneko ndiye kuli ngozi.

Caciwiri ndi madzi. Kabwato kakatengedwa ndi mphepo, mwana amafuna kukatsatira. M'mitsinje ndi m'nyanja muli ng'ona ndi mvuu. M'madzi odikha, a mabango, muli nkhono zofalitsa likodzo. Conco mwana wamng'ono ayesere kabwato kake m'beseni, pakhomo. Akapita ku gombe apite ndi wamkulu, ndipo kabwato kamangidwe ndi cingwe. Akatha kusewera, madzi a m'beseni athiridwe pa mbewu, kuti mwana wokwawa asagweremo ndiponso kuti udzudzu usaswane.

Cacitatu ndi mitengo. Mitengo ikuluikulu monga mbawa ndi mlombwa ikucepa. Imatenga zaka zambiri kuti ikule. Kabwato sikafuna kugwetsa mtengo. Nthambi youma ndi yokwanira. Zidutswa zotsala kwa kalipentala ndi zokwanira. Mwana akafunsa kuti mtengo wa bwato lalikulu unacokera kuti, wamkulu amuuze zoona: osema mabwato masiku ano amayenda mtunda wautali kufuna mtengo waukulu. Banja libzale mtengo umodzi, ndipo mwanayo ndiye aziuthirira.

Cacinayi ndi nthawi. Kunyumba kuli nchito. Kuli kutunga madzi, kusesa ndi kudyetsa mbuzi. Kusukulu nakonso kuli nchito. Zonsezi zicitike poyamba. Koma mwana aliyense amasewera, ndipo ayenera kusewera. Nthawi ya kabwato icokere pa nthawi ya masewera, madzulo kapena Loweruka. Kabwato sikatha tsiku limodzi. Mwana amasema pang'ono lero, pang'ono mawa. Akapupuluma, mtengo umang'aluka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atsikana nawonso aseme

M'midzi yambiri, anyamata ndiwo amapanga timabwato. Atsikana amauzidwa kuti zimenezo si zawo. Koma mtsikana nayenso amakwera bwato. Nayenso amalemba mayeso a masamu. Manja amene amaluka nkhata ndi kuumba timiphika ta dothi angathenso kuyeza ndi kusalaza mtengo. Mlongo ndi mlongo wake agwirire limodzi. Wina agwire cingwe coyezera, wina awerenge. Wina asoke thanga ndi kansalu kakutha, wina aimike mlongoti. Mawa asinthane.

Agogo ali ndi mawu

Kuti atsanzire bwato, mwana ayenera kuliyang'anitsitsa. Akaliyang'anitsitsa amayamba kufunsa.

"Agogo, kodi ici n'ciyani?"

"Iyo ndi nkhafi, mdzukulu wanga. Ndi yopalasira."

"Nanga apa mwamatapo ciyani, agogo?"

"Pamenepo panali ming'alu. Ndamatapo phula kuti madzi asalowe."

Motero mwana amatola mawu: nkhafi, thanga, mlongoti, tsigiro, nangula, ukonde. Amamva za mwera ndi mpoto. Amamva nthawi yopha usipa ndi malo okhala cambo. Agogo nawo amakondwa kuti wina wawafunsa. Nzeru za osema mabwato zambiri sizinalembedwe m'mabuku. Zili m'manja ndi m'mitu ya okalamba. Mwana akapanda kufunsa, nzeruzo zimapita nawo.

Ana a ku Angónia ndi ku Macanga, kumene nyanja ili kutali, angathenso kuyesa. Cithunzi ca m'buku ciwatsogolere. Lamulo la kucepetsa mofanana limagwiranso pa ngolo, pa nkhokwe ndi pa nyumba.

Zocita pa banja

Loweruka likudzali, banja lisankhe bwato limodzi kapena cithunzi ca bwato. Mwana ayeze ndi kuwerenga. Wamkulu aseme. Onse ayese kabwatoko m'beseni ndi timiyala. Mwana alembe dzina lake pa kabwato, ndi nambala ya timiyala timene kananyamula kasanamire. Lolemba akatenge kupita nako kusukulu, akaonetse aphunzitsi ndi anzake.

Kabwato koyamba kadzakhala kokhota. Kasaponyedwe pamoto. Kasungidwe pamwamba, pamalo pouma. Kaciwiri kakadzatha, mwana adzaike tonse tiwiri pamodzi, kuti aone yekha mmene manja ake aphunzirira.