Telefoni Siidakweze Mtengo wa Pau

Pa 1 Setembala 2010 anthu a ku Maputo ndi ku Matola adatseka misewu. Adatentha matayala. Masitolo ena adathyoledwa. Apolisi adaombera zipolopolo zenizeni, ndipo boma lomwe lidavomera kuti anthu 13 adafa. Pakati pao panali ana.

Kufikira lero alipo anthu amene anena kuti colakwa cidali telefoni. Ati mauthenga a SMS ndiwo adazunguza anthu mitu, ndipo pakadapanda telefoni bwenzi mzinda uli phee. Ife tikana mau amenewa.

Nzoona kuti uthenga udayenda pa telefoni. Padalibe cipani cimene cidaitana anthu. Padalibe mtsogoleri wodziwika amene adaima kutsogolo. Munthu adalandira uthenga, nautumiza kwa mlamu wace. Mlamuyo adautumiza kwa mnzace wa kunchito, mnzaceyo kwa amai ogulitsa nao pamsika. Pakuca, mzinda wonse udali utamva.

Koma tiyeni tifunse bwino. Tsiku ndi tsiku pa telefoni pafika mauthenga ambiri, ndipo sititentha matayala. Nanga uwu anthu adaumvera cifukwa ninji? Adaumvera cifukwa udacokera kwa munthu womdziwa, ndiponso udanena cinthu cimene aliyense adaciona kale m'thumba mwace.

Njira ya uthenga tayiona. Tsopano tione njira ya pau. Pau apanga ndi ufa wa tirigu. Ife a cigawo ca Tete tidziwa kuti ku Tsangano alima tirigu, koma ndi wocepa, sangadyetse mizinda. Pafupifupi tirigu yense wa dziko lathu abwera pa sitima za pamadzi kucokera kunja, ndipo timgula ndi madola. M'caka ca 2010 ku Russia kudagwa cilala cacikulu. M'mwezi wa Ogasiti boma la kumeneko lidaletsa kugulitsa tirigu kunja, ndipo mtengo wace udakwera pa dziko lonse. Nthawi yomweyo metikali yathu idafooka pamaso pa dola ndi randi. Tikumbuke kuti Maputo adya anyezi, matimati ndi mbatatesi zambiri za ku South Africa. Randi ikakwera, ndiwo za mai wa ku Matola zikweranso. Pamwamba pa izi kudalengezedwa kuti pau akwera ndi 30 pa 100 alionse, madzi ndi magetsi nazonso zikwera. Malipiro okha ndiwo adakhala pomwepo.

Mai ameneyu sadaonepo munda wa ku Russia, koma dzuwa limene lidaumitsa mundawo lidamlanda cakudya ca mmawa ca ana ace. Kodi telefoni idalowapo pati pamenepa?

Ndipo sikadali koyamba. Pa 5 Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo adatsekanso misewu pamene mtengo wokwerera chapa udakwezedwa cifukwa ca kudula kwa mafuta. Boma lidabweza mtengowo. Anthu adaphunzira phunziro loipa: kuti mau ao amveka pokhapo msewu utatsekedwa. Phunziro ili silidacokere pa telefoni.

Sitiyamikira kuthyola masitolo. Wothyola sitolo ya mnzace sacotsa njala, angoisamutsira kunyumba ina. Sitinenanso kuti zonse za pa telefoni nzoona. Bodza liyenda njira yomweyo, ndipo lithamanga. Cimene tikana ndi ulesi wa kuloza cala kacipangizo ka m'thumba, kuti tisayankhe funso la mtengo wa cakudya.

Taonani zimene zidacitika sabata yotsatira. Makampani a mcel ndi Vodacom adauzidwa kuti atseke SMS kwa masiku angapo. Pambuyo pace lidabwera lamulo lakuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi dzina la mwini wace. Koma pa 7 Setembala boma lidacitanso cinthu cina: lidabweza mtengo wa pau, nililonjeza kulipirako ufa wa tirigu ndi ndalama za boma. Mwa ziwirizi, nciti cidabwezera anthu kunchito? Tiweruze tokha.

Amene adakhulupirira kuti kutseka telefoni ndiwo mankhwala adayesanso m'caka ca 2024, zitatha zisankho za pa 9 Okutobala. Intaneti ya pa telefoni idadulidwa, Facebook ndi WhatsApp zidatsekedwa kwa kanthawi. Anthu adauzana pakamwa, m'machapa ndi m'misika, ndipo zionetsero zidapitirira kufikira caka cidatha.