Mbasela ya m'ndeke isatigawanitse pabanja

Ku Soweto Market lamulo tilidziwa tonse: ukagula tomato wambiri, amai ogulitsa amakuikirako awiri atatu pamwamba. Koma palibe amene amagula tomato wodula kapena woola chifukwa chofuna mbasela. Nzeru yomweyi tiitenge pogulira banja matiketi a ndeke.

Wina anganene kuti ndeke si nkhani ya ku Linda. Si zoona. M'makomboni mwathu muli azimai amene amapita ku Dubai ndi ku Guangzhou kukaoda katundu, muli mabanja operekeza wodwala ku India, muli makolo oitanidwa ndi ana ao ku Johannesburg. Ulendo ukafika, foni amapatsa ife achinyamata: "Iwe, tionereko tiketi." Ndiye udindo ndi wathu.

Makampani a ndeke nao ali ndi mbasela, imene amaitcha ma miles. Proflight Zambia inachita kutchula yake kuti Mbasela Club. Ethiopian Airlines ili ndi ShebaMiles, Emirates ili ndi Skywards, ndipo Qatar Airways, imene inayamba kutera ku Lusaka mu 2021, ili ndi Privilege Club. Kulembetsa n'kwaulere. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ma miles amapita kwa munthu amene wakwera, osati amene walipira. Ngati amalume agulira anthu anai, aliyense afunika nambala yake, ndipo nambalayo tiipereke kwa ejenti ulendo usanayambe. Emirates ilinso ndi My Family, imene imalola anthu ofika 8 a banja limodzi kusonkha ma miles pamodzi, monga chilimba. Izi tichite, chifukwa sizitidyera ngwee.

Vuto limayamba tikakopeka ndi mpando wa kutsogolo. Kuti munthu afike pa Silver ku Skywards afunika ma tier miles 25,000, ndipo amenewa sasonkhedwa pabanja, aliyense amawerengeredwa ake. Wamalonda wouluka mwezi ndi mwezi angafikepo. Banja louluka kamodzi pachaka silingafikepo. Nanga tionjezerenji ndalama pa tiketi yodula, pamene kampani ina ili ndi yotsika mtengo, chabe kuti tisunge ma miles? Ma miles a Skywards amatha mphamvu pakapita zaka pafupifupi zitatu. Ndalama imene tapulumutsa imalipira lendi ndi kugula unga lero.

Pali uphungu wina umene timaumva: wokhala ndi khadi adzigulire tiketi payekha, osaphatikiza ndi banja, kuti mwai wokwezedwa ku business class ukule. Ife tiukana. Ganizirani ndeke yachedwa kunyamuka pa Kenneth Kaunda International Airport, ndipo yolumikiza nayo ku Addis Ababa yakusiyani. Anthu amene ali pa buking'i imodzi kampani imawaona monga gulu, ndipo imayesa kuwapezera ndeke ina onse pamodzi. Amene anagula padera angatumizidwe njira yake, ambuya amene sawerenga Chingerezi n'kutsala okha pabwalo la ndeke lachilendo usiku. Komanso m'makampani ambiri, mwai wa wokhala ndi khadi, monga kusankha mipando msanga, umafikako kwa anzake pokhapokha ngati ali pa buking'i imodzi.

Nanga ma miles akakwana kukweza munthu m'modzi, akhale ndani? Kwathu funso limeneli linayankhidwa kale. M'nyumba mukakhala mpando umodzi, mwana sakhalapo akulu ali chiimire. Mapulogalamu ambiri amalola kugwiritsa ntchito ma miles kukweza munthu wina, choncho mpando wogona upite kwa odwala msana kapena ochokera ku opareshoni. Ife miyendo ikali yolimba, ndipo Intercity inatiphunzitsa kale kukhala maola ambiri pampando wothina. Chithunzi cha pa Facebook chingadikire.

Tikapatsidwa foni ija, tigule tiketi imodzi ya onse, tilembetse nambala ya aliyense, mwana akhale pafupi ndi kholo, ndipo ngati ambuya avutika kuyenda, tiwapemphere njinga ya olumala kukali maola 48. Thandizo limenelo ndi laulere, ndipo silifuna khadi ya Silver kapena ya Gold.