Matchona nafe tikufuna wailesi ya chisankho

Pa 16 Sepitembala 2025, tsiku limene abale athu kumudzi adandanda pamizere kukaponya voti, ife kuno ku Dubai tidalawirira kukwera basi ya kuntchito ngati masiku onse. Lidali Lachiwiri. Dzulo lake ndiye padathera lamulo lopuma masana, lija limatiteteza kudzuwa kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Sepitembala, ndiye tsikulo tidaswana nalo dzuwa, foni ili m'thumba. Usiku titabwerera kuchipinda, anthu asanu ndi atatu, aliyense adatulutsa foni yake, ndipo pasanathe masiku awiri aliyense adali ndi pulezidenti wakewake.

Uyu akuti DPP yatenga kale. Uyo akuti ayi, Kongeresi ndiye yapambana, wamva kwa mlamu wake. Mnyamata wina wa ku Machinga adalandira uthenga wamawu pa WhatsApp woti kwawo kwabuka ziwawa, anthu akuthawira kuphiri. Sadagone mwanayo. Kutacha adakongola ndalama n'kutumizira mkazi wake kuti athawe ndi ana. Madzulo mkaziyo adayankha modabwa kuti iye ali kudimba, akuthirira tomato. Ngongoleyo mnyamatayu adaibweza miyezi iwiri.

Tidakhala choncho masiku asanu ndi atatu, mpaka pa 24 Sepitembala pamene mayi Annabel Mtalimanja a bungwe la MEC adalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 33. M'masiku amenewo zipani ziwiri zonse zidanena poyera kuti zapambana. Nanga munthu uli kutali chonchi, umve ziti?

Ganizo langa nali, abale anzanga. Chisankho cha 2030 chisanafike, pakonzedwe wailesi yapadera, yongoyembekezera, yokhala mwezi umodzi basi. Itsegulidwe kutatsala sabata ziwiri kuti anthu avote, itsekedwe wopambana akalumbira. Ntchito yake ikhale imodzi: nkhani za chisankho usana ndi usiku, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, zomveka pa intaneti kulikonse kumene kuli Mmalawi. Ya mawu okhaokha, yopanda kanema, kuti isamalize bandulo.

Zimenezi sindikuzilota ayi, anzathu adachitapo. Mu 1991, nkhondo ya ku Kuwait itavuta m'chigawo chomwe chino tikukhalachi, a BBC ku Britain adapatula mbali imodzi ya wailesi yawo ya Radio 4 kuti izingoulutsa nkhani za nkhondoyo. Idayenda kuchokera mu Januwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi, nkhondo itatha nayo idatha. Ku Britain komweko kuli ziphaso za wailesi za masiku owerengeka, pafupifupi mwezi, ndipo Asilamu a kumeneko amazitenga chaka ndi chaka kutsegulira wailesi za mwezi wa Ramadan. Mwezi ukatha amatseka, aliyense n'kubwerera kuntchito yake.

Ngakhale kwathu tidalawapo kukoma kwake. Kumbukirani mlandu wa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, chija cha Tippex. Wailesi zidaulutsa mlanduwo kuchokera m'khoti momwemo, omasulira akutembenuzira m'Chichewa. Amayi akusenda nthochi pamsika ankadziwa kuti lero mboni yakuti yakanika kuyankha. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu adawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, dziko lonse khutu lili pawailesi. Bwanji anthu sadaphane tsiku limenelo? Ine ndimati chifukwa china n'chakuti aliyense adadzimvera yekha. Panalibe woti n'kunamiza mnzake kuti khoti lanena zakuti pomwe silidanene.

Ine sukulu ndidalekera ku pulayimale. Zambiri zimene ndikudziwa ndidaphunzira pawailesi ndi pansi pa mtengo, m'misonkhano ya matenanti a fodya ku Kasungu, kumene ndidakhala zaka zambiri ndikusonkhanitsa anzanga kuti tizilankhula ndi mawu amodzi. Mu 1993, nthawi ya riferendamu, pa esiteti yonse padali kawailesi kamodzi. Tinkasonkherana ndalama ya mabatire, akafooka n'kuwayanika padzuwa. Mu 1994 tidamva ndi makutu athu Kamuzu akuvomera pawailesi kuti wagonja kwa a Bakili Muluzi. Kapitawo wina amene ankatiopseza kuti tikavotera matipate tichotsedwa ntchito adangoti zii, n'kulowa m'nyumba. Pamenepo ndidaphunzira kuti wantchito akakhala wosadziwa, amadyeredwa masuku pamutu. Tenanti wosadziwa mtengo wa fodya ku okushoni amalandira chilichonse chimene bwana wanena. Tchona wosadziwa zoona za kwawo naye amameza chilichonse chimene foni yamubweretsera.

Ndikudziwa ena muti, achimwene, mukuvutikiranji, si Zodiak ilipo pa intaneti? Times ilipo, MBC ilipo. Eetu zilipo, ndipo ulemu wawo ndiwapatse. Zodiak, chiyambireni mu 2005, idatizolowetsa kumva atolankhani akuwerenga zotsatira kuchokera kumalo oponyera voti, boma ndi boma. Koma wailesi zimenezi zimalankhula ndi munthu amene ali kumudzi, amene wailesi ili pambali pake tsiku lonse. Ife tili ndi mphindi khumi m'basi ndi mphindi khumi tisanagone. Ukatsegula upeza nyimbo, kapena malonda, kapena akuluakulu atatu akutsutsana m'Chingerezi. Ukapita pa Facebook, kanemayo akudyera bandulo ya sabata yonse. Tsono kuno tili patsogolo ndi maola awiri. MEC ikaitana atolankhani 9 koloko usiku ku Lilongwe, kuno ndi 11, ndipo basi ya kuntchito siyembekeza munthu.

Chinanso musaiwale. Chisankho chapitachi, kuwerenga kuli mkati, nyumba zina zoulutsa mawu, MBC yomwe, zidasiya mwadzidzidzi kuonetsa ziwerengero zimene zinkasonkhanitsa, ndipo bungwe la atolankhani la MISA Malawi lidadandaula. Kuchipinda kwathu usiku umenewo ndiye mphekesera zidabereka ana. Wailesi ikakhala chete, bodza ndiye limatenga maikolofoni.

Wailesi imene ndikunenayi izichita zosavuta. Ola lililonse likakwana, mphindi zisanu: maboma amene MEC yatsimikiza ndi awa, amene atsala ndi awa, ziwerengero ndi izi. Kenako Chiyao, kenako Chitumbuka. Ikatero ifotokoze malamulo mwachimvekere, kuti MEC ili ndi masiku asanu ndi atatu olengezera za pulezidenti, kuti wopambana ayenera kuposa theka la mavoti onse, kuti zikalephereka pamakhala chibwereza. Anyamata ambiri kuno sankadziwa zimenezi, ndiye tsiku lachitatu litadutsa ankangoti basi abera. Pakhalenso nthawi yoyankha mphekesera. Wina akatumiza uthenga woti ku Ntaja kwapsa, mtolankhani wa wailesi ya m'deralo apite, akaone, anene. Tili nazo kale wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ya ku Nkhotakota, ya ku Mzimba. Anthu ake amadziwa mudzi ndi mudzi. Chosowa n'kuwalumikiza basi.

Ena ati, inu matchona simuvota, zikukukhudzani bwanji? Funso limeneli limandiwawa. Zoona, Mmalawi ali kunja savota pokhapokha akwere ndege kupita kumene adalembetsa. Anzathu a ku Kenya adavota konkuno ku United Arab Emirates mu 2022. A ku Philippines amavota ali kuno, ndipo ali ndi wailesi ya chinenero chawo, Tag 91.1, monganso a ku Kerala ali ndi Hit 96.7. Ife tilibe voti, tilibe wailesi. Koma feteleza wa kumudzi agula ndani? Fizi ya ana, malata, bokosi la maliro? Dziko likulira kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo zina mwa zochepa zimene zimalowa zimachokera m'thukuta la ife, la anzathu a ku Joni, la anyamata amene adapita kuminda ya ku Israel kuyambira mu 2023, la alongo athu ogwira ntchito m'nyumba ku Oman ndi ku Kuwait. Komanso kumudzi amatikhulupirira. Mayi anga amaganiza kuti poti ndili ku Dubai ndiye ndimadziwa zonse. Ndikawatumizira bodza, mawa lafika pachitsime, mkuja lafika kutchalitchi. Ndiye kutisiya ife mumdima n'kuthira mdima womwewo kumudzi. Za votiyo tidzamenyera padera, koma kumva kokha kusachite kudikira kusintha kwa malamulo.

Pali chodandaula china chimene sindingachinyoze. Wailesi ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM idathandiza kupha anthu. Kwathu mu 2019 bungwe la MACRA lidaletsa mapologalamu oimba foni ponena kuti akukolezera moto. Ine sindidagwirizane nako kutseka anthu pakamwa, koma mantha akewo ndimawamvetsa. N'chifukwa chake ndikuti wailesiyi ikhale ndi malamulo olembedwa isanatsegulidwe. Isawerenge chiwerengero chimene sichidasainidwe ndi kumatidwa pamalo owerengera mavoti. Chimene MEC sidatsimikize, anene mobwerezabwereza kuti ichi n'chosatsimikizika. Wandale wobwera kudzadzilengeza yekha kuti wapambana, asapatsidwe mpata. Ndipo isakhale ya nyumba imodzi. MBC tonse tikuidziwa, boma lililonse likalowa imavina nyimbo ya bomalo. Wailesi za eni nazo anthu amazikayikira, iyi amati ya akuti, iyo ya akuti. Koma atolankhani a nyumba zosiyana akakhala pa tebulo limodzi, wina akafuna kukhotetsa mnzake amugwira dzanja. Ku bungwe la matenanti tinkatero powerenga ndalama za sonkho: owerenga atatu, ochokera m'makomboni atatu. Mutu umodzi susenza denga.

Za ndalama musandiopseze nazo. Sitikumanga nsanja, sitikugula magalimoto. Chipinda chimodzi, makompyuta, atolankhani obwerekedwa kwa mwezi. MACRA ili ndi thumba lothandizira kuti mauthenga afike kwa amene safikiridwa. Mabanki ndi makampani otumiza ndalama, amene amadya pa ife mwezi ndi mwezi, angakane kulipira malonda pa wailesi imene matchona onse akumvera?

Tsono ndichenjeze, makamaka achinyamata. Wailesiyi iyenera kukhala kumudzi, ife kuno tizingomvera. Wina asatengeke n'kuyamba kuulutsa zandale m'chipinda ku Sonapur kapena ku Al Quoz. Kuno ndi kwa eni. Lamulo lawo la 2021 lokhudza mphekesera ndi milandu ya pa intaneti limati wofalitsa nkhani yabodza atha kukhala kundende chaka ndi kulipira madirham 100,000. Mu Julaye 2024 anthu 57 a ku Bangladesh adagamulidwa zaka zambirimbiri chifukwa chochita zionetsero kuno pa nkhani za kwawo. Adakhululukidwa pambuyo pake, koma adabwezedwa kwawo, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndiye mukuona kuti kwa ife mphekesera si nkhani yosowetsa tulo chabe. Ikhoza kukutayitsa viza.

Zaka zilipo zokwanira kukonzekera, koma tikudziwana Amalawi, timakumba chitsime nyumba ikupsa. Magulu athu a pa WhatsApp, aja timasonkherana pakagwa maliro, alembe kalata imodzi kupita ku MISA Malawi, ku MACRA ndi ku MEC. A ku Johannesburg ndi Cape Town alembe yawo. Ine ndayamba kale kutolera maina kumunda kumene ndimagwira ntchito, ndipo mnyamata wa ku Machinga uja ndiye adasaina koyambirira. Podikira yankho, uthenga ukakupezani wopanda dzina la mtolankhani, wopanda tsiku, wongoti tumizani kwa ena msanga, imbirani kaye kumudzi mufunse. Mwina nanunso mupeza kuti mayi a kunyumba ali kudimba.