ZA MASEWERA: KUFANANA MPHAMVU SIKUGONJA

Akatswiri a nsolo a m'midzi yozungulira Katondwe, m'boma la Luangwa limene kale linali kuchedwa Feira, amadziwa kuti woyamba molakwa amathera manja lende. M'mera mpoyamba. Cimodzimodzinso pa chesi, masewera amene anthu awiri amacita ndi tizidutswa 16 aliyense, wina toyera, wina takuda. Wopambana amalandira pointi imodzi, koma akafanana mphamvu aliyense amatenga theka.

M'mwezi wa October caka ca 2000, mu mzinda wa London, Garry Kasparov amene anali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1985 anakumana ndi Vladimir Kramnik. Pa masewera oyamba Kasparov anali ndi tizidutswa toyera, ndipo mwa lamulo woyera ndiye amayamba kuyenda. Ambiri anayembekeza kuti adzathyola mnzakeyo msanga.

Kramnik anayankha ndi kayambidwe kakale kochedwa Berlin. M'kayambidwe aka wakuda amaturutsa akavalo ake awiri mofulumira, ndipo pa kuyenda kwacisanu ndi citatu mafumukazi onse awiri amadyana ndi kucoka pa bwalo. Mfumu yakuda imatsala pakati, yosathanso kukabisala m'ngodya, koma woyera amakhala atataya cida cake coopsa cimene akanaiukira naco. Kasparov anafunafuna polowera koma sanapapeze, ndipo anagawana pointi.

Kanayi konse Kramnik anamanga linga lomwelo, ndipo kanayi konse anafanana mphamvu. Pa masewera 15 iye anapambana awiri, pamene tizidutswa toyera tinali kwa iye, ndipo 13 otsalawo anathera mofanana. Kasparov sanapambane ngakhale kamodzi, motero ukatswiri wa zaka 15 unamcoka m'manja.

Anyamata ndi atsikana a ku Katondwe amene akuphunzira chesi asanyoze theka la pointi. Mlimi wa m'cigwa ca Luangwa amene watuluka m'caka ca cilala mbeu zake zili m'nkhokwe sanagonje, pakuti mvula ikadza adzabzala. Wofuna kufika pamene anafika Amon Simutowe, mwana wa Zambia amene analandira udindo wa Grandmaster mu 2009, aphunzire kayambidwe kamodzi kodzichinjirizira ndi kukadziwa bwino lomwe, kuti pokumana ndi womposa mphamvu akhale ndi poimira.