Ndowe za kukhola n'zoopsa kuposa za ku zoo

Disembala akamayandikira, ambiri mwa ife amene timagwira ntchito m'mafamu kuno ku Joni timayamba kusunga kandalama koti ana akaoneko mkango ndi njovu. Ena amapita ku Johannesburg Zoo imene inatsegulidwa mu 1904, ena ku Pretoria kumene zoo yake inayamba mu 1899. Tsono kwamveka nkhani yoti nyama za ku zoo zimakhala ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo tina totha kulowa mwa anthu, ndipo makolo ena ayamba kuzengereza. Nkhaniyo ndi yoona, koma ife tikuti mantha athu tikuwaloza kolakwika.

Zoona zake n'zakuti anyani ndi apusi amadwala tizilombo tofanana ndi tathu, monga Giardia amene amatsegulitsa m'mimba. Tizilomboti timatuluka ndi ndowe, n'kumamatira pa mpanda kapena pa nsapato, ndipo mwana akagwira kenako n'kudya chipisi osasamba m'manja, basi talowa. Koma ku zoo kuli madokotala a nyama amene amayeza ndowe ndi kupereka mankhwala, ndiponso pakati pa mwana ndi nyani pali waya. Nanga kuno kufamu, pakati pa ana athu ndi khola la mathole pali chiyani?

Tiyambe ndi kachilombo kotchedwa Cryptosporidium. Kamakonda mathole ndi ana a nkhosa otsegula m'mimba, omwe aja timawamwetsa mkaka m'mawa uliwonse. Munthu akakameza, pakapita pafupifupi sabata imodzi amayamba kutsegula zamadzimadzi, mwina mpaka milungu iwiri. Kwa khanda kapena munthu amene chitetezo chake chatsika chifukwa cha HIV, matendawa amatha kupha. Sanitiza uja tinamuzolowera nthawi ya Covid-19 sakapha bwino, ngakhale klorini sakagonjetsa msanga. Chimene chimathandiza ndi sopo, madzi oyenda, ndi kuwiritsa madzi akumwa.

Kenako agalu. Tikapha nkhosa n'kupeza chiwindi kapena mapapo ali ndi timatumba ta madzi, ambiri timaponyera galu. Pamenepo ndiye tabzala njoka yotchedwa Echinococcus m'mimba mwa galuyo, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi chake pabwalo pomwe ana amakwawa. Mwa munthu, mazirawo amapanga chotupa m'chiwindi chimene chimakula mwakachetechete kwa zaka, ndipo nthawi zina chimafuna opaleshoni. Chiwindi chotere tizichiwotcha kapena kuchikwirira mozama.

Ndiye pali nkhumba ya masese, imene timaigula chifukwa ndi yotchipa. Ikadyedwa yosapsa bwino imasiya njoka yaitali m'matumbo mwa munthu. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi cha munthuyo, ndipo akafika m'kamwa mwa wina amatha kukakhala mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe la WHO limati m'madera momwe njokayi ndi yofala, pafupifupi 30 pa odwala khunyu 100 aliwonse amadwala chifukwa cha iyoyi. Kangati mwana akagwa n'kumaphupha timathamangira kuloza mnzathu wa pakomboni kuti watilodza?

Ena anena kuti tikuwauza za sopo pamene mpopi ndi umodzi pa mabanja khumi. Akunena zoona, ndipo apa mpomwe pali udindo wa eni mafamu. Lamulo la ogwira ntchito m'mafamu ku South Africa, Sectoral Determination 13, limati bwana sangadule malipiro chifukwa cha nyumba ngati palibe chimbudzi komanso madzi abwino m'nyumbamo kapena pa mtunda wosapitirira mamita 100. Ngati akutidula, tili ndi chifukwa chomveka chofunsira. Tipite kwa kapitawo tili gulu, chifukwa munthu mmodzi savuta kumuopseza.

Tisaopenso kiliniki chifukwa cha mapepala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Mwana akamatsegula, tiyambe msanga kumumwetsa ORS, ija tinkaitchula kuti Thanzi kumudzi, ndipo akalefuka, maso akalowa m'kati kapena chimbudzi chikaoneka magazi, tithamange naye osadikira tsiku la malipiro. Tifunsenso anamwino za mankhwala a njoka monga mebendazole.

Choncho abale, ku zoo apiteni nawo ana. Asadyetse anyani, asambe m'manja ndi sopo asanatsegule kamba, kenako asangalale. Koma tikabwerako, majombo ndi ovolosi ya kukhola zizitsala panja, mwana asatikumbatire tisanasambe, ndipo nkhani ya mpopi ndi chimbudzi tiikambe ndi bwana chaka chino chisanathe.