Alamu akufuna galu, achemwali akufuna mwana

Holide yapitayi ndinakakhala kwa achemwali anga ku Mwanza boma. Iwo ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, pomwe alamu amathandiza madalaivala a mathiraki kukonza mapepala a katundu pachipata cha m'malire, pamene msewu wochokera ku Blantyre umalowera ku Zobue kupita ku Tete. Onse awiri amatuluka 7 koloko isanakwane. Achemwali amabwerako dzuwa litapendeka, alamu nthawi zina usiku ngati mzere wa mathiraki watalika. Masana onse pakhomo pamakhala zii.

Mwezi umodzi ndisanafike, akuba anadumpha mpanda masanasana n'kutenga njinga ya alamu ndi zovala zomwe zinali pachingwe. Chiyambire tsiku limenelo, foni ya alamu yadzaza zithunzi za tiagalu ta mtundu wa boerboel tomwe munthu wina akugulitsa pa WhatsApp. Achemwali sakufuna kumva n'komwe. Akuti chaka chamawa akufuna mwana, ndipo sangalere khanda pakhomo pomwe pali chilombo cholemera ngati thumba la chimanga. Usiku wina tikudya anandifunsa kuti, "Iwe wa kuyunivesite, weruza." Ndinangoseka n'kutema nsima ina. Lero ndayankha, ndipo alamu mundikhululukire: galu ameneyu asabwere pakali pano.

Sindikunena kuti galu ndi mwana sangakhalire limodzi. Ine ndinakulira pafupi ndi galu wa agogo kumudzi, galu wachikuda wowonda yemwe ankadya mkute ndi minga za usipa. Tinkamukoka mchira, kumukwera pamsana, koma sanatilumepo. Chinsinsi chake sichinali mtundu wake ayi. Pakhomo pa agogo sipankasowa munthu. Galu uja anakula akuona ana, nkhuku, mbuzi ndi alendo tsiku ndi tsiku, ndipo ankadziwa yemwe ndi wa pakhomo.

Galu amene alamu akufuna ndi wina. Iwo akufuna mlonda wosalandira malipiro. Tonse timadziwa momwe galu wotere amaleredwera m'matauni mwathu: masana amatsekeredwa m'kakhola ka njerwa kuseri kwa nyumba kuti "alusa", usiku n'kumumasula. Ena amachita kumupatsa tsabola poganiza kuti awonjezera ukali. Galu wokula chonchi sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mwana amene wangoyamba kukwawa. Tsiku lina wina adzaiwala kukhoma chitseko cha khola, ndipo mwana wa zaka ziwiri nkhope yake imakhala pa msinkhu weniweni wa kamwa la galu. Komanso taganizani: akuba aja anabwera masana, nthawi yomwe galuyo akanakhala ali m'khola. Ndiye akanateteza chiyani?

Nkhani yachiwiri ndi chiwewe, ndipo pamenepa sitiyenera kuchita nthabwala. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pa anthu 10 alionse amene amafa, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amatenga matendawa kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sapulumuka. Chomvetsa chisoni n'choti katemera alipo kalekale. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, mu 1885.

Kuno kwathu vutoli lakhala lalikulu ndithu. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ankaona ana akufa ndi chiwewe, ndipo mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yobaya agalu katemera mumzindawu. M'masiku 20 okha anabaya agalu oposa 35,000, ndipo ana ofika kuchipatalako ndi matendawa anachepa kwambiri m'zaka zotsatira. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amasiya kufalikira. Izi zikutiuza kuti galu wako wopanda katemera si vuto lako lokha. Ndi vuto la ana a aneba, ndi la ana a sukulu odutsa pageti. Ndipo ku Mwanza agalu oyendayenda sadziwa malire a dziko, saonetsa pasipoti pachipata.

Alamu anandiyankha kuti galu wawo adzabayidwa. Chabwino. Koma katemera si wa tsiku limodzi. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi itatu, kenako kumabwereza m'zaka zotsatira. Pali mankhwala a njoka za m'mimba, a utitiri ndi nkhupakupa. Galu wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, ndipo pakatha miyezi iwiri wagwa ndi ana. Wamwamuna ukapanda kumufula amadumpha mpanda kukamenyana kunja, n'kubwerako ndi zilonda zomwe sukudziwa wamuluma ndani. Galu wamkulu ngati boerboel sakhuta mkute, amafuna mphika wakewake wa mgaiwa ndi ndiwo zake. Zonsezi n'zaka 10 kapena kuposerapo. Mwana amene achemwali akufunayo adzafika sitandade 4 galuyo adakali pakhomo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Apa ndiye pali funso lomwe linandipangitsa kukhala mbali ya achemwali: matope amenewa adzapala ndani? Ife ophunzira za chikhalidwe cha anthu timakonda kukamba m'kalasi za ntchito zosaoneka za pakhomo, koma ine ndinaziona ndi maso. Amene amabwera msanga kuntchito ndi achemwali. Amene amaphika ndi achemwali. Ndiye kuti wophikira galu, wosesa ndowe zake, wothamanga naye kwa alangizi a ziweto, adzakhala iwo omwewo, ali ndi pakati, kenako ali ndi khanda kumsana. Lamulo la ntchito m'dziko muno limatsimikizira mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere, ndipo bambo anangopatsidwa masabata awiri lamuloli litasinthidwa mu 2021. Tchuthi chikatha, khanda ndi galu adzasiyidwa m'manja mwa mtsikana wantchito yemwe palibe anamufunsa ngati amaopa agalu. Galu amagulidwa ndi mwamuna, koma amaleredwa ndi akazi a pakhomo. Ngati mukukayika, yang'anani kwanu.

Ndisanamizire kuti alamu alibe mfundo. Munthu amene waberedwa amagona tulo ta kalulu, ndipo kufuna kuteteza banja lako si mlandu. N'zoonanso kuti kuuwa kwa galu kumathamangitsa akuba ambiri. Koma ndalama zogulira kagalu kachizungu, kumanga khola ndi kukadyetsa chaka chathunthu zikhoza kuika zitsulo m'mawindo, kukweza mpanda, kugula loko wabwino, n'kutsalako zosonkha kwa achitetezo a m'dera. Zitsulo sizidwala chiwewe, ndipo sizifuna kuphikiridwa.

Kwa anzanga amene mwangomaliza sukulu, mwapeza ntchito ndipo mukuyamba banja, nkhaniyi ikukukhudzani. Tayamba kutengera za pa Instagram, pomwe banja lachinyamata limaoneka lokwanira likakhala ndi kagalu pa sofa. Mukafunadi galu, dzifunseni moona mtima musanatumize ndalama. Kodi masana pakhomo padzakhala munthu? Kodi eni nyumba avomera? Kodi mungathe kumubayitsa ndi kumufula popanda kudikira kuti boma lichite kampeni? Ngati mayankho ndi inde, tengani galu wachikuda wofatsa, amene thupi lake linazolowera nyengo yathu, mumulere pakati pa anthu, ndipo musadzamusiye yekha ndi khanda ngakhale kwa mphindi imodzi. Galu aliyense akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo ayambe kuchita thovu.

Koma ngati nonse mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, dikirani. Agalu sadzatha. Mwana akadzafika zaka zisanu, woti ukamuuza kuti usamugwire galu akamadya amamva, mudzasankhe kagalu pamodzi, iye adzakapatse dzina.

Dzulo achemwali anandiimbira foni. Akuti alamu sanagule kagalu kaja, koma zithunzi sanafufute, ndipo wogulitsa uja watsitsa mtengo. Ndawauza kuti apemphe alamu chinthu chimodzi chokha: kwa mwezi wathunthu azidzuka 5 koloko m'mawa, aphike mphika wa mgaiwa, asese kuseri, ayende mpaka kumsika ndi kubwerako, kenako azipita kuchipata. Akakwanitsa masiku 30 osaphonya, ine ndidzakwera minibasi kukawathandiza kumanga khola.