Dotolo sayesedwa pa foni yokha

Mchemwali wanga wakhala akuthyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo kwa zaka zambiri. Ndalama ya dengu lililonse limene limapita pa sikelo ndi imene inaphunzitsa mwana wake wamkazi mpaka kukalowa sukulu ya zaumoyo. Boma litatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwanayu anabwerera kumudzi, ndipo mayeso ena anauzidwa kuti alembere pa intaneti.

Tsiku la mayeso anakwera kachitunda ka pakati pa munda wa tiyi, foni m'manja, kusaka netiweki. Madzulo anandiimbira akulira. "Malume, mafunso ndinawadziwa, koma netiweki inathawa ndisanatumize." Anzake a m'tauni analembera pa laputopu ali phee pabalaza.

Abale anzanga, kodi pamenepa tinayesa nzeru za mwana kapena thumba la makolo ake?

Ine sindikudana ndi makompyuta ayi. Ophunzira amene ndacheza nawo amavomereza kuti mayeso a pa intaneti ali ndi ubwino wake: sulipira minibasi, zotsatira zimatuluka msanga, ndipo kompyuta siyang'ana nkhope pochonga. Koma omwewo amadandaula zinthu zitatu. Choyamba ndi mtengo wa bandulo. Chachiwiri ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Foni yopanda moto silembera munthu mayeso.

Chachitatu ndiye chimandisowetsa tulo: likasa. Munthu ali yekha m'chipinda, buku lili pamwendo, mnzake akumutumizira mayankho pa WhatsApp, adzamugwira ndani? Wobera mayeso a mbiri yakale amadzinamiza yekha. Koma wobera mayeso a udotolo, mawa ndi amene adzakubayeni jakisoni inu a mu msika wa Limbe, kapena kuchita opaleshoni mkazi wanu pobereka.

Dziko lino linavutika kuti likhale ndi madotolo ophunzira konkuno. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kale ana athu ankapita kunja. Mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ku Thyolo komweko, ku Makwasa, kuli Malamulo, mishoni imene a Seventh-day Adventist anayamba mu 1902, komwe kwaphunzira anamwino ndi makiliniko ofesala ambirimbiri. Ulemu wa sukulu zoterezi wagona poti wophunzira amayesedwa pambali pa bedi la wodwala: kumvetsera chifuwa, kugwira pamimba, kuyang'ana m'maso ngati magazi achepa, mphunzitsi akuonerera. Izi foni singathe.

Tsono ine ndikuti, mayeso olemba angathe kukhala a pa kompyuta, koma alembedwere m'chipinda cha pa sukulu kapena pa boma, pamene pali jenereta, makina okwanira ndi woyang'anira. Ngati mliri wina utatikakamizanso kulembera kunyumba, bandulo ikhale ya sukulu, ndipo amene netiweki yamuthawa apatsidwe mwayi wina popanda kumulipiritsa. Mayeso a manja akhalebe a m'chipatala basi.

Ophunzira nanunso musangong'ung'udza m'mahositelo. Muli ndi mabungwe anu; nenani poyera zisanachitike. Ndipo inu amalonda amene mumatuluka thukuta kulipira fizi, funsani kuti mwana wanu akuyesedwa bwanji.

Mwana wa mchemwali wanga uja anabwereza mayesowo ndipo anakhoza. Koma ndi angati a ku Thekerani kapena ku Masambanjati amene angagwe mphwayi n'kusiya? Chakudza sichiimba ng'oma. Tikonzeretu lero, kuti mwana wa wothyola tiyi ndi mwana wa bwana akhale pa benchi imodzi.